Kwawo kwa Mlamu Wanga Kunasamuka

Mimba ya mlamu wanga Tekna inali italowa kale mwezi wachisanu ndi chinayi ife tisanakamutule kwa mayi ake. Manyazi ake abale! Mumzinda wa Zinder muno mkazi wa mimba yoyamba amapita kwawo mwezi wachisanu ndi chiwiri, akachirire m'manja mwa mayi ake omubala. Ngakhale mwana wa wopemphetsa wa pa mzikiti waukulu anakamutula bwinobwino. Koma ife ayi. Azakhali anga a Habsou, amene anatilera ine ndi achimwene anga a Lawali mayi athu atamwalira, ankangoti, "Adikire kaye. Akapita, mchewere azisinja ndani?"

Ndiye anadikira mpaka miyendo inatupa ngati mitsuko. Anthu atayamba kutiloza pampopi, m'pamene azakhali anati chabwino, apite.

Ndisaname, ine ndi Tekna sitinkamwerana madzi. Iye ndi wa kuchipululu, kwa oweta ngamila, ndipo atangobwera kumene ankaopa kugona m'nyumba, ati denga limugwera. Ineyo ndinakauza mnzanga Rabi yekha pampopi. Rabi yekha! Pofika madzulo dera lonse linkadziwa. Kuyambira tsiku limenelo Tekna ankanditchula kuti Wailesi, ndipo ine ndinkamutchula kuti Mbuzi ya Achimwene, koma chamumtima.

Galimoto inali ya a Chaibou, mnzawo wa achimwene, amene amatenga anyezi kupita naye ku Kano. Ndi amene ananyamula anthu a ukwati chaka chatha nthawi ya dzuwa. Achimwene sakanapita nafe, mwamuna saperekeza zimenezi. Tinapakira thumba la mchewere, shuga, masamba a tiyi, sopo ndi zigubu ziwiri za madzi. Azakhali anakhala kutsogolo atavala mpango wawo wa ku Makka, ine ndi Tekna kumbuyo kwawo.

Tisanatuluke n'komwe mumzinda, Tekna ananditsina pantchafu. Pamaso pa apongozi salankhula, sadya, ngakhale kutsokomola amachita kubisa mumpango, ndiye chilichonse chinkadzera mwa ine.

"Wailesi," ananong'ona, "uwauze akafunse pa Tanout. Mvula yagwa kawiri. Kwathu sangakhale pamene anawasiya paja."

Ine ndinangoti pakamwa yasa, monga mwa nthawi zonse. "A Chaibou, akuti kwawo kwasamuka!"

A Chaibou anaseka mpaka galimoto inakhotera kumbali. Anatulutsa foni n'kuionetsa kumbuyo. "Ukuona kadontho kofiiraka? Ndinakaika ndekha tsiku la ukwati, nditaima pakhomo pa bambo ake. Foni sinama, mwana iwe."

"Mudzi umayenda?" anatero azakhali osacheuka. "Ndi kamba kodi? Iwe Tchima wailesiwe, ukayambanso zolankhulalankhula zakozo ndikutsitsa."

Tekna anangokoka mpango n'kuyang'ana pawindo. Ine ndinamuuza kuti, "Waona? Wandipalamulitsa."

Msewu wa ku Tanout ndi wa tala koma tala wake ndi wa zigamba. Pa Bakin Birji tinapeza madzi ali m'mbali mwa msewu, ana akusambamo, mchewere utafika m'mawondo. Titapitirira pang'ono minda inayamba kuchepa, mitengo n'kumafupika, mpaka kunangotsala timitengo taminga ndi thambo. Ine maso anali panja, kuwerenga zonse: kumene kwagwa mvula, kumene kuli gwaa, lole ya ngamila itagona cham'mbali anthu akumwa tiyi pamthunzi wake. Kusukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, koma zoona ndi maso sindiiwala.

Pa Tanout tinaima kuti a Chaibou athire mafuta a m'mabotolo. Azakhali anapita kukagula nyama youma ya tsabola n'kumadyera chakumbali kuti asagawe. Ine ndinatsika kukawongola miyendo, ndipo mayi wina wogulitsa tchizi chouma, wa dzino limodzi lagolide, anasuzumira m'galimoto. Ataona ndolo za Tekna anayamba kulankhula naye chiyankhulo chawo, mofulumira, kenaka anamenya m'manja n'kuthamangira kwa a Chaibou.

"Bambo inu, ndinu dalaivala wa mwana wa a Goumour?"

"Ndine, nanga bwanji?"

"Mverani. Mukakhota pamtengo wouma paja, musalunjike kwakale kuja. A Goumour kulibeko uko, anatsata msipu. Kumene ali lero sindikudziwa, koma akazi a pachitsime cha migolo iwiri akudziwa, amamwetsa limodzi. Mukaime pamenepo, mukatsike, mukapereke moni. Madzi dzadzaninso pano. Matayala mukaphwetseko mpweya mukasiya msewu. Ndipo dothi lakuda mukaliona, ngakhale liwoneke louma ngati mbale, musapondepo."

A Chaibou anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mayi, laisensi munatengera kuti?"

"Ndakuuzanitu."

"Gulitsani tchizi chanucho, chikuchita ntchentche."

Azakhali anafika akutafuna. "Anthu awa ndi amodzi," anatero. "Akufuna tikaime kwa abale awo kuti akatidyere shuga. Tiyeni, a Chaibou."

Mayi uja analavulira pansi pafupi ndi tayala. "Safunsa adadya phula," anatero. "Pitani. Chisoni changa chili pa mwanayo, osati pa inu."

Madzi sitinadzadze. Ine ndinafuna kukumbutsa, koma azakhali anandiyang'ana ndi diso lija.

Kupitirira Tanout msewu umangokhala dzina. Pena tala, pena mchenga, pena maenje oti mbuzi ingagonemo. Tekna anagwira chitsulo cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri, ndipo pa bampu iliyonse ankatseka maso. Ndinamufunsa ngati akufuna madzi, iye anati, "Khala chete, ukundiwawitsa mutu." Ndiye ndinamwa ndekha.

Dzuwa lili pamutu tinafika pamtengo wouma, ndipo a Chaibou anakhota, akuimba kamluzu. Kunali kwathyathyathya mpaka kumene thambo lathera, udzu wanthete uli biriwiri, wosaoneka n'komwe ngati ndi kuchipululu. Titayenda kanthawi tinaona chitsime, nkhosa ndi mbuzi zili mbwee, abulu akukoka zingwe, akazi ovala zakuda akuthira madzi m'migolo iwiri yodula pakati.

Tekna ananditsinanso, ulendo uno zolimba. "Ndi pano. Aime."

"A Chaibou, chitsime chija ndi ichi!"

"Ndaona, ndili ndi maso."

Sanaime. Anangoliza hutala n'kulowa pakati pa ziweto. Mbuzi zinabalalika, bulu mmodzi anadula chingwe, ndipo bampala inakankha mgolo umodzi, madzi onse khuthu pamchenga. Akazi aja anakuwa, wina anatigenda ndi ndowe youma ya ngamila, inamenya pagalasi lakumbuyo.

"Anthu opanda mwambo," anatero azakhali. "Kuika migolo panjira."

Panalibe njira iliyonse pamenepo, koma ine ndani.

Tinayendanso mwina ola lathunthu. A Chaibou ankangoyang'ana foni, kukhota, kuyang'ananso. Kenaka anaima n'kunena kuti, "Tafika."

Tinatsika. Abale, kunali zii. Mafuwa atatu akuda, mpanda wa minga utagwa, ndowe zouma zoyera, ndi nsapato imodzi ya mwana. Basi. Ngakhale khwangwala kunalibe.

A Chaibou anazungulira mafuwa aja foni ili m'manja, kuikweza m'mwamba, kuigwedeza. "Ndi pano ndithu. Hema wamkulu anali apa. Ine ndinadyera apa."

"Athawa," anatero azakhali. "Anamva kuti tikubwera. Ndinamuuza Lawali ine kuti usakwatire anthu opanda khomo, lero ndi izi. Iwe mtengwa, abale ako ali kuti? Yankhula! Lero lokha ndakuloleza."

Tekna anali ataima atagwira chitseko cha galimoto, ndipo ine ndi amene ndinaona kuti mchenga wa pamapazi ake wanyowa.

"Azakhali," ndinatero, "nsupa yasweka."

A Chaibou anatembenukira kumbali ngati aona mzukwa. Azakhali nyama ija inawagwa m'manja. Iwo sanaberekepo, ndipo pa nkhani za uzamba amathawa ngakhale ikhale mbuzi.

"Tibwerere ku Tanout, kuchipatala!" anakuwa.

"Mafuta sakwana, Hajiya," anatero a Chaibou ndi mawu aang'ono, powatchula azakhali dzina laulemu la amayi opita ku Makka. "Ndinawerengera kuti pobwerera tikathira pa Aderbissinat."

"Ndiye pitani ku Aderbissinat!"

"Kuchokera pano... sindikudziwa kolowera. Kadonthoka kamangosonyeza pano."

Apa m'pamene ndinayamba kuopa zenizeni. Mwana wa achimwene anga abadwire pa mafuwa a eni, womulandira n'kukhala ine? Ine amene ndimakomoka ndikaona akuzinga nkhuku?

Tekna anandikoka ndi mkono mpaka khutu langa linafika pakamwa pake. "Kuchitsime," anatero. "Amayi anga sali kutali. Ndikufuna amayi anga."

Ndinawauza, ndipo ulendo uno palibe anatsutsa.

Titafika, akazi aja anali akutungabe, kubwezeretsa madzi amene tinawatayira. Atationa anangotembenuka onse pamodzi n'kutipatsa misana. A Chaibou anatsitsa galasi.

"Inu amayi! Kwa a Goumour ndi kuti?"

Zii.

"Ndikufunsatu! Muli ndi makutu?"

Bulu yekha ndi amene anacheuka. Azakhali anatulutsa ndalama yapepala m'mpango n'kumaigwedeza pawindo ngati akuitana nkhuku. Mayi wina wamtali, manja ake ali bii ndi utoto wa nsalu, anaiyang'ana, anayang'ana azakhali, n'kunena mawu amodzi m'chiyankhulo chawo. Anzake onse anaseka. Sindinamve, koma sanali mawu abwino.

Tekna anali atagona cham'mbali pampando, thukuta lili kamukamu. "Tsika iweyo," anandiuza. "Vula nsapato. Upereke moni, ufunse za ana, za ziweto, za kutopa kwawo. Ugwire chingwe. Njira usafunse."

"Nanga tabwerera chiyani?"

"Kuno munthu sayamba ndi kufunsa. Wochokera kutali ndi amene amayamba kuuza anthu zimene waona. Ukawapatsa nkhani, akupatsa yawo. Suja umati umatha kulankhula?"

Ndinatsika. Mchenga unkatentha ngati chiwaya koma ndinavula. Ndinapita kwa mayi wamtali uja n'kugwada pang'ono.

"Mtendere ukhale nanu, amayi. Mwaswera bwanji?"

Anangopitiriza kuthira madzi mumgolo.

"Ana ali bwanji? Ziweto zili bwanji? Nanga kutopa?"

"Ziweto zili ndi ludzu," anatero m'chiyankhulo chathu cha Chihausa, koma chokhotakhota. "Kunabwera afisi pa galimoto."

Ndinapita pachingwe chimene bulu anadula chija n'kuyamba kukoka limodzi ndi mayi wina. Abale, chitsime chimenecho n'chakuya, kukoka mpaka manja kusupuka chikopa cha madzi chisanaoneke. Ndikukoka choncho ndinangoyamba, osayang'ana munthu.

"Ife tachoka ku Zinder m'mawa. Pa Bakin Birji mvula yagwa dzana, madzi adakali m'maenje, mchewere wafika apa. Koma kuchoka pamenepo mpaka pafupi ndi Tanout kuli gwaa, udzu wapsa, musapititseko ziweto. Pa Tanout nkhosa zatsika mtengo, zadzadza msika, ogula kulibe. Shuga wakwera. Lole ya ngamila yagwa chakuno kwa Bakin Birji, ya buluu, ngamila ziwiri zathyoka miyendo, zili ndi chizindikiro chonga phazi la nkhuku pakhosi."

Mayi amene ndinkakoka naye anasiya chingwe. "Phazi la nkhuku? Pakhosi kumanzere?"

"Kumanzere."

Anayamba kulankhulana okhaokha mokweza. Awiri anabwera pafupi. Wina anandifunsa za mtengo wa tiyi, wina ngati mayi wa dzino lagolide adakali pamsika. Ndinayankha zonse. Koma wamtali uja anali asanafewe.

"Za msika tamva," anatero. "Nanga amene mwamubisa m'galimotoyo ndani?"

"Ndi mlamu wanga Tekna, mwana wa a Goumour. Matenda ake amuyamba."

Nkhope yake inasintha. "Mwana wa Goumour amayenera kubwera mwezi wa dzana. Mayi ake amabwera pano tsiku ndi tsiku kudzayang'ana kumsewu. Munali naye kuti?"

Ndinacheuka. Azakhali anali atatulutsa mutu pawindo, akundiyang'ana. Ndikanatha kunena kuti galimoto inasowa. Koma mayi uja anali atandigwira pachibwano, ndipo m'galimoto Tekna anabuula koyamba, mokweza, iye amene satsokomola n'komwe.

"Azakhali anamukaniza," ndinatero. "Ankati asinje kaye mchewere. Wasinja mpaka dzulo. Madzi amatunganso yekha, migolo inayi. Nyama akagula amadya okha kuchipinda, iye amamupatsa msuzi."

"Tchima!" anakuwa azakhali. "Mwana wa njoka iwe! Ndinakulera ndi manja angawa!"

"Ndipo pa Tanout anatiuza kuti tiime pano, a Chaibou anati mayiyo alibe laisensi."

"Iwe, ine ndalowamo bwanji?" anatero a Chaibou.

Mayi wamtali uja, amene ndinamva anzake akumutchula kuti Ghaicha, anapita kugalimoto, anatsegula chitseko chakumbuyo, anagwira mimba ya Tekna n'kulankhula naye pang'ono. Kenaka anazungulira n'kutsegula chitseko cha azakhali.

"Tsikani."

"Mwati chiyani?"

"Njira sindingaione ndili kumbuyo. Tsikani. Mwanayo agone mpando wonse, kamtsikanaka kamugwire mutu. Inu kwerani pa thumba lanu la mchewere."

"Ine ndinapita ku Makka, mayi iwe!"

"Ndiye dzuwa mumalidziwa."

Azakhali anayang'ana a Chaibou kuti awayankhulire, koma a Chaibou anali kalikiliki kupukuta chiwongolero. Azakhali anatsika. Anakwera kubodi akutukwana mtundu wonse wa oweta ngamila, kuyambira agogo awo, ndipo akazi a pachitsime ankawombera m'manja pa mwano uliwonse.

A Ghaicha sanalole kuti tinyamuke mpaka a Chaibou atadzutsa mgolo umene anagwetsa uja ndi kuphwetsa matayala onse anayi. Foni anawalanda n'kuiponya pansi pa mpando.

"Dzuwa likhale paphewa lako lamanzere. Mikwaso ya matayala usatsate, ndi ya anthu osochera ngati iwe. Ukuona kachulu ako? Lunjika pamenepo."

Tinayenda. Mutu wa Tekna unali pamiyendo panga, ndipo ululu ukabwera ankandiluma pabondo kudzera m'chitenje. Ndinati, "Iwe, ndi mwendo wangatu umenewo," iye anati, "Ndikudziwa." Kubodi azakhali ankamenya denga kuti tichepetse liwiro, palibe anawamvera.

Kuseri kwa kachulu kuja kunali dambo lalikulu la dothi lakuda, losalala, long'ambikang'ambika, ndipo kutsidya kwake tinaona utsi.

"Ndi uko!" anatero a Chaibou n'kuponda mafuta.

A Ghaicha anawamenya padzanja, phwa! "Zungulira."

"Mayi, pauma apa! Kuzungulira ndi kutali, munthu akuvutika!"

"Pamwamba pokha. Pansi pake ndi phala. Sabata yatha pamira ngamila mpaka m'mimba. Ukufuna akachirire m'matope? Zungulira, galu wa mtauni iwe."

Anazungulira, akung'ung'udza kuti chibadwire sanamenyedwepo ndi mkazi. Kuzungulirako kunatenga nthawi yaitali moti ine ndinayamba kupemphera mokweza, ndipo Tekna anandiuza kuti ndikulakwitsa mawu.

Dzuwa litapendeka tinafika. Mahema asanu a mphasa, ana a ngamila atamangidwa pazikhomo. A Ghaicha anakuwa galimoto isanaime, ndipo m'hema wina munatuluka mayi wamng'ono thupi, akuthamanga mpango uli m'manja. Sanapereke moni kwa aliyense. Anatsegula chitseko, Tekna anangoti, "Amayi," n'kuyamba kulira ngati kamwana. Akazi anayi anamunyamula.

Ife anatisiya pomwepo. Palibe anatiyalira mphasa. Patapita nthawi mayi wina anabweretsa mbale ya madzi n'kuiika pansi patali, ngati mmene amaikira agalu. Azakhali anali atafiira maso, mpango wa ku Makka uli mbuu ndi fumbi. Anamwa, n'kundiuza osandiyang'ana kuti, "Iweyo ndi ine tikaonana ku Zinder."

A Chaibou anapita kuseri kwa galimoto kukaswali, ndipo anaswali nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Sipanathe ola. Tinamva kulira kwa khanda, kenaka nthungululu. Ine ndinathamangira kuhema kuja, ndipo a Ghaicha anandilola kusuzumira. Kamtsikana, katsitsi kambiri, kali m'manja mwa agogo ake. Tekna anali atatseka maso koma ankapuma bwino.

Azakhali anadzikonza mpango n'kubwera, akuyesa kumwetulira. "Tione nawo mdzukulu wathu."

Mayi a Tekna anapatsira mnzawo khanda lija, anatuluka n'kuima pakhomo pa hema. Anali aafupi, ofika azakhali m'mapewa, koma sanasunthe. A Ghaicha anali atawauza kale zonse, ndinaonera nkhope.

"Miyendo ya mwana wanga ndaiona," anatero m'Chihausa chomveka bwino. "Manja ake ndawaonanso."

"Ntchito za pakhomo, mayi, mkazi aliyense..."

"Mwambo umati akhale kuno masiku makumi anayi. Ine ndikuti akhala mpaka mwanayu atayenda. Mwamuna wake akamufuna abwere yekha, osatuma munthu. Akafunse pazitsime."

"Nanga mukhala muli pompano?" anafunsa a Chaibou chapatali.

"Ayi."

Mchewere ndi shuga uja anthu anatsitsa osathokoza. Atatha, mayi a Tekna analowanso m'hema n'kugwetsa mphasa ya pakhomo, azakhali adakali chiimire panja.